Amuna Anga Anatulukira Pakhoma

Lachitatu limenelo ndinadzuka kusanache bwino. Ndinatunga madzi pampopi mzere usanatalike, ndinasesa, ndinachapa matewera n'kuwayanika pachingwe cha aneba chifukwa chathu chinaduka. Ndinamusambitsa Kambuzi, mwana wanga, amene timamutcha choncho chifukwa chilichonse chimene wagwira chimathera m'kamwa. Ndinamudyetsa, ndinatsuka mbale, kenako ndinamaliza mutu wa kasitomala umene ndinausiya dzulo lake uli theka. Ntchito yanga ndi yoluka tsitsi pakhonde. Mayiyo ankafuna ticheze, koma ine manja anali pa liwiro mpaka anati, "Iwe, ukuluka kapena ukuzula?" Ndinamuuza kuti apirire, ndikupita kukatulutsa amuna anga.

Amuna anga amakonza mafoni pabenchi kumsika. Munthu wina anawasiyira foni kuti aisinthe galasi, osabweranso. Amene anabwera ndi apolisi, ali ndi mwini wake weniweni wa foniyo. Kuyambira tsiku limenelo anali pa limandi kundende, mlandu osazengedwa. Anawatenga Kambuzi akukwawa, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi anali atayamba kuyenda chogwira zipupa.

Amene ankandithandiza ndi mayi wina wa kubungwe loona za ufulu wa anthu. Si loya, koma malamulo amawadziwa, ndipo kundende amalowa ngati kwawo. Ife azimayi a pamzere wokaona akaidi timawatcha Mayi a Chikwama, chifukwa chikwama chawo mungabisemo mwana. Nditapita ku ofesi kwawo anandiuza kuti nkhani ya amuna anga ndi yosavuta, yongofunika kupempha belo.

"Ndiye pemphani, mayi."

"Mwana wanga, ndalama za chaka chatha zinatha. Zatsopano zabwera, koma sitingazikhudze mpaka amene atipatsa avomereze dongosolo la mmene tiziyezera ntchito yathu."

"Kuyeza pa chiyani?"

"Kuyeza basi. Kuti azidziwa ngati tikuthandizadi anthu kapena tikungodya."

"Ndiye kuti muyeze thandizo, muyambe mwasiya kuthandiza?"

Anaseka, nandimenya paphewa ndi envelopu. "Lachitatu tili ndi msonkhano wa zimenezi. Ubwere. Tikufuna mawu a anthu ngati iwe, ndipo nkhani ya amuna ako ikatithandiza kwambiri. Kukhala apolisi, a kundende, a kukhoti, onse."

Ine sukulu ndinalekezera panjira mimba ya Kambuzi itaoneka, koma kuphatikiza ndimatha. Apolisi, a kundende, a kukhoti, ndi nkhani ya amuna anga, zonse m'chipinda chimodzi. Ndinauza alamu anga, akulu awo a amuna anga, kuti atenge chitupa chawo akandidikire panja, mwina kufunika mboni ya belo.

Msonkhano unali pahotela ina, m'chipinda cham'mwamba chozizira ngati mufiriji. Aliyense anali ndi botolo la madzi, kabuku ndi cholembera. Pakati pa tebulo panali kambale ka maswiti kamene aliyense ankakaopa mpaka wapolisi atayamba. Khoma lonse la kutsogolo analimata mapepala akuluakulu. Woyendetsa zinthu anali bambo wina wowonda, wa malaya opinda manja, wolankhula mofatsa. Anati ntchito yawo ndi kuchita kalondolondo ndi kuunika zimene bungwe likuchita. Chimene ine ndinaona n'chakuti sankatha kumaliza mawu osajambula muvi, ndiye mumtima ndinawatcha a Mivi.

M'mawa wonse unathera pa mtengo. Anajambula mtengo, nati mizu yake ndi zoyambitsa mavuto, nthambi ndi zotsatira zake. Anthu anakangana ngati umphawi ndi muzu kapena nthambi. Wa kukhoti anati ndi zonse ziwiri, a Mivi anati mtengo sutero. Ine ndinkangoyamwitsa, ndikuganiza kuti mwina milandu ikafika kwa anthu ophunzira imayamba chonchi.

Titamwa tiyi, Mayi a Chikwama anaitanidwa panja kukakambirana ndi a pahotela za chakudya cha masana. A Mivi anati, "Tsopano titenge munthu weniweni. Mayi, amuna anu dzina lawo ndani?"

Ndinatchula. Analilemba pa kakhadi kachikasu, nakamata kumanzere kwa khoma, pansi pa mawu akuti WAMANGIDWA. Ndinamubereka Kambuzi, ndinakhala tsonga. Pakhomapo anali atajambula mabokosi, muvi kuchoka bokosi ili kupita linalo, mpaka kumapeto kumanja kumene analemba kuti WATULUKA.

"A kundende, munthuyu ali kwa inu. Mayi athu a zamalamulo abwera kudzamuona. Muwalola?"

"Khomo ndi lotsekula," anatero wa kundende, bambo wa mimba yake, akusenda switi.

A Mivi anamatula kakhadi, nakasunthira bokosi lachiwiri.

"Apolisi, fayilo yake ikufunika kukhoti."

"Tipititsa, bola mafuta a galimoto."

"Mafuta alipo mu bajeti." Analemba zimenezo pamwamba pa muvi, kakhadi kanasunthanso. "A kukhoti, pempho la belo lafika."

"Mlandu waung'ono ngati umenewu, mboni zikakhalapo, palibe chomusungira munthu."

"Zilipo!" ndinakuwa. "Alamu anga ali pageti, chitupa ali nacho. Ndikawaitane?"

Chipinda chonse chinaseka, kuseka kwabwino ndithu, kopanda chipongwe.

"Mwaona? Kutenga mbali kumene timafuna ndi kumeneku," anatero a Mivi. "Musavutike mayi, tiwerenge kuti mboni zilipo." Anamatula kakhadi, nandipatsa. "Kamateni nokha."

Ndinapita kutsogolo. Ndinamata dzina la amuna anga pansi pa WATULUKA, ndinalisisita ndi chala kuti lisagwe. Anthu anawomba m'manja. Ndinanyonyomala pang'ono kwa wa kukhoti uja, ndinati zikomo bwana, Mulungu akudalitseni. Iye anagwedeza mutu maso ali pafoni.

Ndinkayesa zatha, koma a Mivi anati, "Tsopano funso lalikulu. Tidziwa bwanji kuti watulukadi?"

"Ndiwaona pakhomo," ndinatero.

"Inu muwaona. Koma amene atipatsa ndalama ali kutali, khomo lanu sakuliona. Tikufuna chizindikiro choti tingathe kuwerenga."

Apa ndiye mutu wanga unayamba kuzungulira. Wa kukhoti anati munthu aziwerengedwa woweruza akasayina. Wa kundende anati ayi, akadutsa geti, chifukwa ena amasayiniridwa n'kukhalabe mkati pepala litasochera. Mtsikana wina wa laputopu anati belo si ufulu, aziwerengedwa mlandu ukatheratu. Wapolisi anafunsa kuti nanga akatuluka n'kumangidwanso n'kutulukanso, ameneyo ndi munthu mmodzi kapena awiri? Anakokanakokana mpaka fungo la chakudya linalowa m'chipindamo. Ine maso anali pa kakhadi, kuopa kuti wina akapsa mtima akabweza kumanzere.

Pomaliza ndinakweza mkono ngati kusukulu. "Pepani, ndiye ndikawatenge liti?"

A Mivi anatembenukira kukhoma, nawerenga mivi ndi cholembera. "Mmene takonzera apa, munthu amene nkhani yake yayamba Lachitatu, pofika Lachisanu akhale ali kunyumba."

Anatipatsa chakudya ndi envelopu ya transipoti. Nyama yanga ndinaikulunga m'pepala kukawapatsa alamu, amene anali atapsa ndi dzuwa pageti.

"Zatheka, mlamu?"

"Zatheka. Ndamata ndekha."

"Mwamata chiyani?"

"Inu idyani. Lachisanu basi."

Lachinayi ndinabweza makasitomala onse. Ndinakolopa nyumba, ndinasita buluku ndi malaya abwino a amuna anga. Apongozi anga anabwera pa basi kuchokera kwawo, atamva uthenga kwa alamu, ndipo anali atauza kale mpingo wawo wonse. Lachisanu tinaima pageti ya ndende, ine ndi jumbo ya zovala m'manja.

Msilikali wa pageti anafufuza mayina a otuluka tsiku limenelo. "Dzina limeneli palibe."

"Yang'anitsitsani, bwana. Zinagamulidwa Lachitatu."

"Khoti liti?"

"Kuhotela."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi, khalani kaye pamthunzi. Dzuwali si labwino."

Tinadikirabe. Dzuwa litapendeka ndinaona bambo wa mimba uja akutuluka. Ndinamuthamangira, Kambuzi akugundagunda kumsana.

"Aa, mayi a kakhadi!" anatero akumwetulira. Nditamufotokozera, kumwetulira kunatha. Anakanda m'mutu. "Mayi, zija zinali zongoyerekeza. Timayeserera mmene zinthu zizidzayendera pulojekiti ikadzayamba."

"Koma munati khomo ndi lotsekula."

"Lotsekula kwa odzaona anthu."

"Nanga a kukhoti aja? Anati palibe chowasungira."

"Aja ndi a mu ofesi yosunga mapepala, saweruza. Ndiponso mlandu sauweruzira kuhotela."

Apongozi anamva zonse. Sanakuwe ayi. Anangomanganso mpango wawo, nati, "Ndimayesa mwana wanga anakwatira woluka tsitsi. Kani anakwatira jaji." M'minibasi yonse ine sanandilankhule, ankalankhula ndi mdzukulu wawo. "Amako atulutsa abambo ako pakhoma, wamva? Mawa akuperekeze ukawapatse moni pakhomapo." Anthu a mpando wakutsogolo anatembenuka. Ine ndinangoyang'ana pawindo, jumbo ili pamiyendo.

Lolemba ndinalawirira ku ofesi ya bungwe. Ndinapeza Mayi a Chikwama ndi a Mivi ataweramira laputopu imodzi. Moni sindinapereke. Ndinaika jumbo patebulo, ndinafotokoza zonse. Mayi a Chikwama anagwira pakamwa. A Mivi anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Mayi, wolakwa ndine. Sindinaganize n'komwe. Pepani kwambiri."

"Pepani ndamva. Zenizeni mudzawatulutsa liti?"

Anayamba kufotokoza, dzanja likufunafuna cholembera. Anati dongosolo lija alitumiza kwa eni ndalama. Iwo akaliona alibweza ndi mafunso, mafunso akayankhidwa ndiye adzavomereza. Zikadzatero adzapita kundende kukawerenga anthu onse amene ali pa limandi, kuti adziwe poyambira. Popanda poyambira, anati, zaka za pulojekiti zikadzatha sadzatha kuonetsa kuti chasintha n'chiyani, ndipo ndalama zikadzaima adzavutika anthu ambiri kuposa pano.

"Ndiye amuna anga akhale mkati kuti mudzawawerenge?"

"Ayi, ayi, sindikutero."

"Nanga atatuluka lero?"

"Zingakhale bwino kwambiri. Kungoti sadzaoneka m'chiwerengero chathu."

"Ndiye mukufuna atuluke kapena aoneke?"

"Zonse ziwiri, mayi."

Sankanama, nkhope inkachita kuonetsa. Zimenezo ndiye zinandisokoneza kwambiri. Ndinabwera nditakonzeka kutukwana munthu, koma pomugwira panalibe.

Pakona panali mapepala a pakhoma aja, atawakulunga ngati mkeka. Ndinafunsa ngati mivi ija nayonso inali yongoyerekeza, kapena njira yake ndi yomweyo. Mayi a Chikwama anati njira ndi yomweyo, ndipo palibe lamulo loletsa mkazi wa munthu kuiyenda yekha. Ndinapempha pepala la mabokosi lija. A Mivi anati analikopera kale mu laputopu, nditenge.

Papepala, muvi wochoka kupolisi kupita kukhoti unali wotalika ngati chala changa. Pansi pano ndi minibasi, kutsika, kukweranso ina, kenako wapansi. Kukhoti kalaliki anati fayilo sinabwere, ndikafunse kupolisi. Kupolisi anati wofufuza mlanduwo ali ku msonkhano wa bungwe lina. Nditabweranso ndinamupeza, anati fayilo ilipo koma mafuta palibe. Ndinatambasula pepala langa pakauntala, ndinamuonetsa pamene a Mivi analemba kuti mafuta alipo mu bajeti. Anaitana anzake kuti adzaone.

"Bajeti ya ndani, mayi?"

Sindinadziwe. Ndinakulunga pepala, ndinafunsa ngati munthu wonyamula fayilo sangakwere minibasi. Anati angakwere ngati wina walipira. Tinakwera limodzi ndi wapolisi wamkazi, fayilo ili pamiyendo pake, Kambuzi akulimbana nayo kuti aitafune pakona.

Bokosi lotsatira linati mboni ziwiri. Kuhotela kuja ndi chimwemwe sindinawerenge bwino. Ine ndinali ndi alamu okha. Aneba onse amene ndinawapempha zitupa zawo zinasowa tsiku lomwelo. Ndinaimbira apongozi.

"Amayi, akufuna inu ndi chitupa chanu."

"Kuhotela iti ulendo uno?"

"Kukhoti kwenikweni, amayi. Kwa mabenchi olimba."

"Maswiti kulibe?"

"Kulibe."

"Ndibwera. Koma ndikakapeza khoma lomata mapepala, ndibwerera ndi mdzukulu wanga, iwe utsale ndi mivi yakoyo."

Bokosi limodzi lokha linandikanika, lolembedwa kuti pempho. Sindinkadziwa kuti amapempha ndani, ataima pati, ndi mawu otani. Tsiku la khoti ndili pakhonde ndi apongozi ndi alamu, wina anandikoka chitenje. Anali Mayi a Chikwama, koma opanda chikwama, opandanso malaya a bungwe. Anandikokera kuseri kwa chipilala.

"Lero sindine wa bungwe. Ndine azakhali ako, wamva? Amuna ako ndawaona kale kuchipinda chodikirira, ndawauza zonena. Apempha okha."

"Nanga mukubisaliranji? Mwaba chiyani?"

"Ntchito ya pulojekiti, pulojekiti isanayambe, ndikailemba pati?"

"Osailemba."

"Ndi zimene ndikuchitazi. Lowa, ukhale kutsogolo kuti akuone."

Amuna anga anawalowetsa pamodzi ndi ena. Anali atawonda, khosi litatalika, tsitsi litapotanapotana moti chipeso changa chikanathyoka. Woweruza anali mayi wa nkhope yotopa, ankalemba osadzutsa mutu. Dzina lawo litaitanidwa amuna anga anaimirira. Ananena kumene amakhala, ananena ntchito yawo, kenako zina zonse zimene anauzidwa zinawathawa. Kumbuyo ndinamva azakhali anga atsopano akutsokomola mwadala.

"Ndikupempha belo, bwana," anatero. "Sindithawa. Ndili ndi mwana amene akuti akuyenda, ine sindinamuone."

Woweruza anafunsa wapolisi ngati akutsutsa, iye anatsegula fayilo yonyowa pakona, nati sakutsutsa. Anaitana mboni. Alamu anapereka chitupa mwakachetechete. Apongozi anayamba kufotokoza kuti mwana wawo anabadwa ndi mtima wabwino, ali wamng'ono anatola chikwama cha munthu n'kukabweza, mpaka woweruza anakweza dzanja. Anatchula ndalama ya belo, nati azikaonekera kupolisi Lolemba lililonse, asachoke m'tauni osanena. Kenako anaitana dzina lina.

Palibe anawomba m'manja. Ndinakhala pabenchi osadziwa ngati ndidzuke. Titapita kwa kalaliki ndinamufunsa motsitsa mawu, "Bwana, izi ndi zenizeni kapena zoyerekeza?"

"Mayi, ine ndili ndi njala. Mboni zisayine apa."

Pepala la woweruza sindinalisiye kuti liyende lokha. Ndinakwera nalo limodzi mpaka pageti ya ndende. Amuna anga anatuluka dzuwa likulowa, atavala zomwe anamangidwa nazo, chifukwa jumbo ija ndinaiiwala patebulo la ku ofesi. Ndinamutsitsa Kambuzi kuti ayende awaonetse. Anawayang'ana, nalira, nathawira m'miyendo mwa agogo ake.

Patapita masiku a Mivi anaimba foni. Ndinali pakati pa mutu wa munthu, ndiye foni ndinaipana ndi phewa. Anati amva, ndipo akondwa kwambiri. Anapempha kuti andifunse mafunso ochepa, akufuna kuyesa ngati mafunso amene akonza anthu aziwamva.

"Loyamba. Kodi munathandizidwa ndi bungwe lathu? Inde kapena ayi."

Ndinaganiza. Pepala linali lawo. Amene anatsokomola anali azakhali anga. Minibasi ndinalipira ndine.

"Sindikudziwa."

"Malo a sindikudziwa palibe, mayi."

"Ndiye lembani zimene zikuthandizeni."

"Ayi, ziyenera kuchokera kwa inu. Chabwino, tidumphe. Mwakhutira bwanji ndi mmene nkhani yanu yayendera? Kwambiri, pang'ono, kapena simunakhutire?"

"Ziti? Za kuhotela kapena za kukhoti?"

Ndinamva cholembera chikukanda papepala. Anati funso limenelo aligawa pawiri. Anati eni ndalama abweza dongosolo lija, akufuna adziwe ngati munthu wa pa belo ndi wotuluka kapena wodikira, ndiye mwina adzandiitananso ku msonkhano. Ndinati foni ikutha moto, ndipo inalidi ikutha.

Zimene zinapita pa nkhani yonseyi ndi izi. Transipoti yanga ya maulendo onse aja, ndi ya wapolisi wamkazi kupita ndi kubwerera. Basi ya apongozi, maulendo onse awiri, chifukwa anati woitana ndiye amalipira. Fotokope ya zitupa. Alamu anawadula malipiro kuntchito masiku amene anajomba, sanandiuze okha, ndinamva kwa akazi awo. Ndalama ya belo tinaipeza pogulitsa makina a amuna anga owotcherera mafoni, ndiye pano amabwereka a mnzawo iye akaweruka. Benchi ya kumsika anaipereka kwa wina. Makasitomala amene ndinawabweza, ena anabwerera, ena anazolowera kwa mtsikana wa kuseri kwa msika. Nsapato zanga zinaduka lamba pamasitepe a khoti. Envelopu ya kuhotela inakwanira ulendo wa Lachisanu lija basi. Mlandu wa foni ukadalipo, tsiku lake sanatchule, ndipo Lolemba lililonse pamafunika ya minibasi yopita kupolisi ndi yobwerera.